Kupita ku Sikelo pa Njinga Nyengo ya Mvula ndi ya Chiperoni

Amayi, kuno ku Phalombe njinga ndiyo miyendo ya banja. Ndiyo imapita ku chigayo, ndiyo imanyamula nandolo ndi mpendadzuwa kupita nazo ku msika, ndiponso ndiyo imafikitsa ambiri a inu ku sikelo, kaya mukupalasa nokha, kaya akukwezani bambo a kunyumba, kaya mwalipira wakabaza. M'chilimwe ulendowu suvuta. Koma mvula ikakhazikika mu Disembala, kapena chiperoni chikakuta phiri la Mulanje mu Juni ndi Julaye, mzere wa amayi pa sikelo umafupika. Ambiri amadzuka, nasuzumira panja, naona mitambo, nanena mumtima kuti, "Tidzapita mwezi wamawa."

Kabuku kano kalembedwa kuti kakuthandizeni m'mawa woterowo. Masiku ambiri a mvula munthu angathe kuyenda bwinobwino ngati wakonzeka. Alipo ena owerengeka amene simuyenera kutuluka ndi mwana ngakhale pang'ono. Mayi ayenera kudziwa kusiyanitsa masiku amenewa.

Chifukwa chiyani ulendowu ndi wofunika nyengo imeneyi?

Miyezi imene msewu umavuta ndi yomweyonso imene matenda a ana amachuluka. Madzi akadikha m'zithaphwi ndi m'madambo olowera ku nyanja ya Chilwa, udzudzu umaswana, ndipo malungo amafala kwambiri kuyambira Januwale mpaka Epulo. Mvula imakokolola zonyansa za kutchire ndi za m'zimbudzi zogumuka n'kukazithira m'zitsime zosatetezedwa, kotero kuti ana ambiri amatsegula m'mimba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unafika pachimake mkati mwa dzinja.

Pamwamba pa matenda pali njala. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, inu muli kalikiliki kupalira ndi kubandira, ena ali pa ganyu m'minda ya eni. Mwana amene ankadya kanayi pa tsiku amayamba kudya kawiri. Tsono kuonda kwa mwana sikuoneka msanga m'maso mwa mayi amene amakhala naye tsiku ndi tsiku. Sikelo ndiyo imaona. Mzere wa pa khadi ukaleka kukwera, kapena ukayamba kutsika, anamwino amadziwa kuti pali vuto mwana asanafooke. Amayezanso mkono wake ndi kalamba ka mitundu itatu. Kalambako kakaonetsa pofiira ndiye kuti mkono sunakwane masentimita 11.5, ndipo mwanayo afunika chithandizo tsiku lomwelo. Mwana wopezeka msanga amalandira chiponde n'kuchira ali kunyumba. Amene wachedwa mpaka thupi kutupikana, chakudya n'kumachikana, amagonekedwa m'chipatala, ndipo inu mumasiya munda ndi ana ena kwa masiku ambiri. Ulendo wa tsiku limodzi m'matope ndi wopepuka poyerekeza ndi zimenezo.

Katemera ali ndi masiku ake

Mwana akabadwa amalandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Akakwana masabata 6, 10 ndi 14 amabwera katatu kudzalandira katemera woteteza ku matenda asanu, ena mwa iwo ndi chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi matenda a chiwindi, pamodzi ndi wa chibayo, wa poliyo ndi wa kutsegula m'mimba. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9, n'kubwerezedwa pa miyezi 15. Kuyambira chaka cha 2023 pa miyezi 9 pamaperekedwanso katemera wa tayifodi. Vitamini A amayamba pa miyezi 6, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka mwana akwane zaka zisanu.

Werengani nokha. Mwana wobadwa mu Novembala, maulendo ake atatu oyamba onse agwera pakati pa dzinja. Wobadwa mu Epulo adzayenda ulendo wake m'chisanu cha chiperoni. Palibe mwana amene masiku ake onse angagwere nyengo yabwino.

Boma la Phalombe linali limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, pamene dziko la Malawi linakhala loyamba pa dziko lonse kupereka katemerayu pa sikelo. Amaperekedwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyo ndiye amaiwalika kawirikawiri, chifukwa mwana amakhala atakula, akuthamanga pabwalo, ndipo kumubereka pa njinga kumalemera. Musamulumphe. Dziwaninso kuti katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetseratu, kotero mwana apitirize kugona m'masikito usiku uliwonse.

Ena amaganiza kuti matenda monga poliyo ndi chikuku ndi akale. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno. Mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina wa ku Lilongwe anapuwala ndi poliyo, patapita zaka pafupifupi 30 matendawa asanaoneke kuno. Matenda amenewa amabwerera pamene ana osamaliza katemera achuluka m'midzi.

Zimene zimafooketsa mtima

Tisanamizane, ulendowu ndi wotopetsa. Dothi la m'chigwa cha Phalombe m'malo ambiri ndi makande. Likauma limang'ambika ming'alu, likanyowa limamata ngati ulimbo. Mumapalasa pang'ono, matope n'kudzaza pakati pa tayala ndi madigadi, gudumu n'kuleka kuzungulira, ndipo mumapezeka mukukankha njinga yolemera, mwana ali kumbuyo, patapata watsalira m'matope. Mayi amene zamuchitikira kamodzi sakhala ndi chilakolako chobwerezanso. Nacho chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chimatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka, ndipo kuchoka pamoto m'mawa kumafuna mtima.

Njira yoyamba yogonjetsera ulesi wa m'mawa ndiyo kumaliza zokonzekera dzulo lake. Madzulo ikani kabuku ka mwana m'pepala la pulasitiki n'kumanga bwino. M'pepala lina ikani chitenje chouma, malaya a mwana osinthira ndi matewera. Popani matayala. Konzani nkhuni ndi ufa wa phala. Munthu amene katundu wake ali kale pakhomo sakhala ndi zifukwa zambiri zobwererera pamphasa.

Njira yachiwiri ndiyo kuyenda ndi anzanu. M'mudzi uliwonse muli amayi angapo amene ana awo amapita ku sikelo tsiku limodzi. Panganani malo okumana, kaya pa mjigo kaya pa mtengo wa mango wa pamphambano, ndipo amene wachedwa akamugogodere. Mayi ali yekha amagonja msanga, koma akadziwa kuti anzake akumudikira pa mvula amachita manyazi kugona. Panjira, njinga ya wina ikatitimira kapena tcheni likaduka, pamakhala womunyamulira mwana. Mutu umodzi susenza denga.

Yachitatu ndiyo kuyang'ana khadi. Mukafika, pemphani anamwino akuonetseni pamene mzere wa mwana wanu wafika ndi akatemera amene atsala. Funsani tsiku lobweranso, mulisunge pamtima, ndipo muwauze akunyumba tsiku lomwelo. Mayi amene akudziwa kuti kwatsala maulendo awiri okha kuti akatemera oyamba athe amalimba mtima kusiyana ndi amene akungoyenda osadziwa pothera.

Kumbukiraninso kuti alangizi a zaumoyo amene amachititsa sikelo za m'midzi nawonso ambiri amapalasa njinga m'matope omwewo, bokosi la katemera lili pa kaliyala. Kabotolo ka katemera wa chikuku kakatsegulidwa n'kusungunulidwa kayenera kugwira ntchito pasanathe maola 6, ndipo wotsala amatayidwa. Amayi akabwera ochepa, katemera amene akanateteza ana a m'mudzi mwanu amapita kudzala.

Mawu kwa abambo

Gawo ili muwawerengere bambo a kunyumba. M'mabanja ambiri njinga ndi imodzi, ndipo tsiku la sikelo likagundana ndi tsiku la msika, njinga imapita ku msika. Bambo, sikelo imabwera kamodzi pa mwezi ndipo tsiku lake limadziwika kale. Tsiku limenelo njinga ikhale ya mwana. Koposa apo, palasani ndinu, mayi akhale pa kaliyala atagwira mwana ndi ambulera. Mayi amene wangochira kumene, amene anachitidwa opareshoni pobereka, kapena amene ali ndi pakati pena potopa sayenera kulimbana ndi makande. Ngati simungathe kupita, siyani ndalama ya kabaza, kapena pemphani mlamu wanu aperekeze. Mwana si wa mayi yekha, ndipo pa sikelo palibe amene amaseka bambo wobwera ndi mwana wake.

Kusamala njinga

Njinga ya dzinja imafuna chisamaliro choposa ya chilimwe. Choyamba ndi mabuleki. Mkombero wa gudumu ukanyowa, timphira ta mabuleki timaterereka, ndipo njinga siima pamene mukufuna. Timphira tikatha sinthani mvula isanayambe; mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ngozi. Potsetsereka, makamaka inu ochokera m'mphepete mwa mapiri a Michesi ndi Mulanje, yambani kugwira mabuleki mukadali patali, pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Malo otsetsereka kwambiri tsikani, muyende pansi.

Tayala losalala limaterereka m'matope ndiponso limabooka msanga. Tengani pampu, ndipo musaiwale kamtengo kakang'ono kokolopolera matope pakati pa tayala ndi madigadi. Kamtengo kameneka kamaoneka kachabe, koma ndiko kamapulumutsa ulendo pa makande. Mukabwerako tsukani matope asanaume, pukutani tcheni, mudonthezere oyilo pang'ono, ndipo njinga igone m'nyumba. Tcheni losiyidwa ndi matope limachita dzimbiri ndipo limadzaduka tsiku limene mukulifuna kwambiri.

Kuteteza mwana panjira

Mwana wamng'ono amazizidwa msanga kuposa munthu wamkulu, ndipo kutentha kwa thupi lake kumathawira kwambiri kumutu. Inu popalasa mumatuluka thukuta, koma iye wangokhala, mphepo ikumuomba. Mvekeni chipewa, masokosi ndi juzi. Mberekeni ndi zitenje ziwiri, chimodzi chomangira ndi china chofunda, ndipo onetsetsani kuti mfundo zalimba ndi kuti nsonga ya chitenje siikulendewera pafupi ndi tcheni kapena gudumu. Mvula ikamagwa mungathe kuphimba chitenje ndi pepala la pulasitiki kuchokera m'mapewa mwanu, koma nkhope ya mwana ikhale poyera nthawi zonse. Pulasitiki yophimba mphuno ndi kamwa imabanikitsa mwana mwakachetechete, inu osamva kanthu.

Musapalase dzanja limodzi litagwira ambulera. Khanda limene khosi lake silinalimbe ndi bwino kuti mayi ake akwezedwe ndi wina, kapena ayende pansi ngati mtunda ndi waufupi. Mwana wamkulupo amene amakhala pa kaliyala, samalani mapazi ake. Ana ambiri amavulala chidendene phazi likalowa m'masipoko, ndipo bala lake limachedwa kupola. Mvekeni nsapato, ndipo pakhale popondapo kapena chotchinga mbali zonse ziwiri za gudumu.

M'dzinja mvula yamabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, kotero nyamukani m'mamawa kuti mubwerere isanayambe. Idyani kanthu musananyamuke, ngakhale phala kapena mbatata yotsala. Ziphaliwali zikayamba muli panjira, tsikani pa njinga ndi kupempha malo pa nyumba yapafupi. Musabisale pansi pa mtengo wautali woima pawokha.

Mukafika, musathamangire pamzere mwana ali chinyowere. Mvuleni zonyowa, mpukuteni, mvekeni zouma, ndipo muyamwitseni. Ena amati mkaka wa mayi amene wayenda mtunda wautali kapena wanyowa ndi mvula umaonongeka. Sizoona. Mkakawo ndi wabwino, ndipo umafunditsa mwana. Gwirani mapazi ake ndi mimba yake ndi kuseri kwa dzanja lanu. Mapazi okha akazizira, muikeni pachifuwa panu, khungu lake likhudzane ndi lanu, n'kufunda nonse awiri. Mimba ikazizira pamodzi ndi mapazi, kapena mwana akafooka n'kumalephera kuyamwa, uzani anamwino nthawi yomweyo osadikira mzere.

Pali mantha ena akuti mwana akanyowa ndi mvula adwala malungo, akawombedwa ndi mphepo adwala chibayo. Malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo chibayo chimayamba ndi tizilombo tolowa m'mapapo. Kuzizidwa kumafooketsa thupi la mwana, n'chifukwa chake tanena zomufunditsa, koma mwana wotsekeredwa m'nyumba ya utsi wa nkhuni tsiku lonse la chiperoni, wopanda katemera, ali pa chiopsezo chachikulu kuposa amene wafunditsidwa bwino n'kupita ku sikelo. Ndiponso chimfine chaching'ono kapena kutsokomola pang'ono sikuletsa mwana kulandira katemera. Bwerani naye, anamwino amuone.

Masiku osayenda

Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa za napolo. Mu Malichi 1991 madzi, miyala ndi mitengo zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zoopsa m'boma lino, nakokolola midzi, milatho ndi misewu, ndipo chipatala cha Nkhulambe chinaonongeka. Mitsinje yochokera m'mapiri, monga Phalombe, Likulezi ndi Sombani, imatha kudzaza m'kanthawi kochepa ngakhale pamene muli inu sipanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda.

Tsono mvula ikagwa usiku wonse osaleka, a zanyengo akachenjeza pa wailesi za namondwe, kapena mukamva mkokomo kuphiri, khalani pamalo otetezeka ndipo mverani malangizo a mafumu ndi a boma. Mukafika pa mtsinje n'kupeza madzi ofiira, othamanga, onyamula zinyalala, kapena madzi akudutsa pamwamba pa mlatho, bwererani. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndiye bwanji mayi wobereka mwana amene akukankhanso njinga? Musalole wakabaza kapena achinyamata owolotsa anthu kukukakamizani. Mitsinje ya m'phiri imaphwera msanga monga momwe imadzalira. Kudikira maola ochepa kapena tsiku limodzi sikuononga katemera wa mwana.

Mukaphonya tsiku

Apa ndi pamene amayi ambiri amatayikira. Akaphonya mwezi umodzi amachita manyazi, naopa kukalipiridwa, mwezi wachiwiri n'kudutsanso, mpaka sikelo kuisiyiratu. Dziwani kuti mwana amene wachedwa sayambiranso katemera pachiyambi. Amapitiriza pamene analekezera. Njira ikangotseguka pitani ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ku Migowi, ku Chitekesa, ku Nambazo, ku Mpasa kapena ku Holy Family, osadikira kuti mwezi uthe. Funsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku limene sikelo idzachitike m'mudzi wapafupi. Kabuku kakanyowa kapena kakapita ndi madzi, bweranibe. Fotokozani zimene mukukumbukira, ndipo adzaona m'kaundula ndi kukuthandizani kupeza kena.

Zizindikiro zosadikira kuti mvula ikate

Sikelo ingathe kudikira tsiku limodzi, koma mwana wodwala sadikira. Thupi likatentha, apimidwe malungo pasanathe maola 24. M'midzi yambiri yakutali ndi chipatala muli kachipatala ka m'mudzi, kumene mlangizi wa zaumoyo amapima ndi kupereka mankhwala a malungo, a chibayo ndi a kutsegula m'mimba kwa ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Dziwani kumene kali ndi masiku amene kamatsegulidwa mvula isanayambe.

Mwana akamatsokomola, muonetsetseni pachifuwa ali phee, muwerenge mpweya wake kwa mphindi imodzi. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 12 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira ndipo chingakhale chibayo. Akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, mumwetseni pang'onopang'ono, pitirizani kuyamwitsa, ndipo mukatenge mapiritsi a zinki. Paketi ziwiri kapena zitatu zizikhala m'nyumba dzinja lonse, pamalo ouma.

Koma mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akafooka kwambiri osadzuka, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa mkati popuma, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya mvula ikugwa. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala m'njira iliyonse, nalonso ndi la kuchipatala. Dzutsani anansi, amuna awiri kapena atatu aperekeze ndi tochi, wina akankhe njinga pamene pavuta. Ngati mtsinje wadzaza, zungulirani njira ya kumlatho wolimba ngakhale italike, ndipo wina aimbire foni mlangizi wa zaumoyo kuti akuuzeni chipatala chimene chikufikika tsikulo. Nambala ya mlangiziyo ilembeni lero pa chikuto cha kabuku ka mwana.